Ndinapopera nsabwe pa maluwa anga, zabwerera zochuluka kuposa poyamba. Ndalakwitsa pati?

Wamaluwa analemba:

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi maluwa a rozi m'miphika isanu. Milungu itatu yapitayi ndinaona tinsabwe tobiriwira tathithikana kunsonga za nthambi zanthete, ndipo nyerere zinali pikitipikiti kukwera ndi kutsika. Masamba ena anayamba kumata ngati athiridwa uchi. Ndinagula mankhwala opopera aja amati amapha tizilombo ta mtundu uliwonse, n'kupopera osasiya tsamba. M'mawa mwake zonse zinali zitafa, ngakhale tizikumbu tofiira ta madontho akuda tija ndinatipeza chagada pansi. Ndinati basi ndapambana.

Lero nsabwe zija zadzadza kuposa kale, mpaka mphukira zapiringizika. Nyerere nazo zabwerera. Kodi anandigulitsa mankhwala achinyengo? Nanga nyererezi zikufuna chiyani pa duwa, poti sindinazionepo zikudya tsamba?

Kadzidzi analemba:

Mayi, mankhwalawo si achinyengo, anagwira ntchito mopitirira. Yankho mwalinena nokha: tizikumbu tofiira tija munatipeza chagada. Timeneto ndi timene tinkakuthandizani, azungu amatitcha ladybird. Kamodzi kakakulu kamatha kudya nsabwe makumi angapo patsiku, ndipo mphutsi zake, zakuda zokhala ndi timawanga tachikasu, zimadya kwambirinso. Anthu ambiri amaziphwanya mphutsizi poganiza kuti ndi mbozi.

Ndiye taonani kusiyana kwa kaberekedwe. Nsabwe yaikazi nyengo yofunda sisowa yamphongo. Imabereka ana amoyo, onse aakazi, ndipo mwanayo amabadwa ali kale ndi ana ake m'mimba. Pakangopita sabata imodzi kapena masiku khumi, nayenso wayamba kubereka. Kachikumbu kaja kamafunika kuikira mazira, aswe, mphutsi ikule, isanduke, zonsezo pafupifupi mwezi. Mukapha onse tsiku limodzi, nsabwe ziwiri zimene zinabisala m'tsamba lopiringizika, kapena zamapiko zochokera kwa anansi, zimapeza munda wopanda mlonda. Mpikisano umenewu kachikumbu sikangawine.

Palinso chifukwa china chimene odya anzawo amakhalira ochepa. Mu 1942 wasayansi Raymond Lindeman, atafufuza kanyanja kena ku Minnesota m'dziko la America, anafotokoza mmene mphamvu imayendera kuchoka ku zomera kupita ku zodya zomera, kenako ku zodya zinzake. Pa sitepe iliyonse yambiri imatha pa kupuma, kuyenda ndi kutentha kwa thupi, ndipo yongopitirira ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. N'chifukwa chake pa duwa lanu nsabwe mumaziwerenga m'mazana, koma tizikumbu mungationkhetse ndi zala za dzanja limodzi. Kupha tisanu n'kupha gulu lonse.

Nyerere_Mnzanga analemba:

Ine ndiyankhe za nyerere, poti ndinakhalapo masana onse ndi galasi lokuzira zinthu ndikungoziyang'ana, mpaka akazi anga anandifunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Nsabwe imaboola mtsempha wa chomera n'kumayamwa madzi a shuga. Madziwo shuga ndi wambiri koma zomanga thupi n'zochepa, choncho imamwa mopyola muyezo n'kumataya wotsala kumbuyo. Ndi zomata mwaziona pa masamba zija, ndipo mukazisiya pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye. Nyerere imafika, n'kusisita nsabwe kumsana ndi tinyanga take, nsabwe n'kutulutsa kadontho konyezimira, nyerere n'kumwa. Kukama ng'ombe kwenikweni. Ndinaona ndi maso angawa mphutsi ya kachikumbu itayandikira, nyerere zitatu zinaikhamukira n'kuiluma mpaka inagwa pa nthambi. Ndiye nyerere imalandira shuga, nsabwe imalandira chitetezo. A sayansi ubale wotere, woti onse awiri apindulepo, amautcha mutualism. Woluza ndi duwa lanu.

Yang'anitsitsaninso pakati pa nsabwezo. Mukaona zina zofufuma, zofiirira, zouma ngati kambewu, musazichotse. Mmenemo muli mwana wa kamavu kakang'ono kwambiri kamene kamaikira dzira m'thupi la nsabwe. Akakula amaboola kabowo kozungulira kumsana n'kuuluka kukasaka zina.

Chochita: tsekerani njira nyerere poyamba. Pakani chomata kuzungulira mphika, kapena muukhazike m'mbale ya madzi, nthambi zisakhudze khoma. Nsabwezo zigwetseni ndi madzi othamanga m'mawa uliwonse. Zikakanika, madzi a sopo wochepa, kupopera pa nsabwe penipenipo, chifukwa akauma savulazanso kachilombo kobwera pambuyo.

Mlimi_Wopuma analemba:

Zimene zakuchitikirani pa miphika isanu zinachitikira alimi a malalanje ku California, m'dziko la America. M'zaka za m'ma 1880 kachilombo koyera koyamwa mitengo, kochokera ku Australia, kanatsala pang'ono kuthetsa minda yawo. Mu 1888 katswiri wa tizilombo Albert Koebele anapita ku Australia komweko n'kutumiza kachikumbu kotchedwa vedalia, mbale wake wa tanu tija, ndipo pasanathe zaka ziwiri vuto linazilala. Patapita zaka zoposa makumi asanu kunabwera mankhwala ophera tizilombo otchedwa DDT, alimi n'kumapopera mwachisangalalo. Vedalia inafa, kachilombo koyera kaja kanabukanso.

Ku China mu 1958 boma linalamula kupha mpheta ponena kuti zimadya mbewu. Anthu ankaimba ng'oma ndi mapoto kuti mbalame zisatere mpaka zizigwa ndi kutopa. Anaiwala kuti mpheta zimadyetsa ana ake tizilombo. Dzombe linachuluka, ndipo mu 1960 mpheta anazichotsa pa mndandanda wa adani, m'malo mwake n'kuikapo nsikidzi.

Komabe ndisakusokeretseni kuti chilengedwe chimadzikonza chokha nthawi zonse, kapena kuti kubweretsa mdani wa kachilombo kumathandiza ponseponse. Mu 1935 ku Queensland, m'dziko la Australia, anabweretsa achule akuluakulu kuchokera ku Hawaii kuti azidya zikumbu za m'minda ya nzimbe. Zikumbuzo zimakhala m'mwamba mwa nzimbe, mphutsi zake pansi pa nthaka, chule sanazifikire. Achulewo ndi apoizoni, ndipo mpaka lero akufalikira kumpoto kwa Australia, kupha njoka ndi abuluzi akuluakulu amene amayesa kuwadya.

Kadzidzi analemba:

Zoona akulu, ine mawu akuti "chilengedwe chimakhala pa mlingo" amandinyansa pang'ono. Nsabwe zikachuluka tizikumbu timachuluka mochedwa, tikazitha nato timafa ndi njala kapena kuuluka, nsabwe n'kuyambanso. Ndi kukwera ndi kutsika kosatha. Mayi Wamaluwa asayembekezere duwa lopanda nsabwe ndi imodzi yomwe, chifukwa popanda nsabwe kachikumbu katsalira chiyani?

Funso lina: mumathira feteleza wochuluka bwanji? Nayitirojeni akachuluka chomera chimatulutsa mphukira zofewa zambiri, ndipo nsabwe zimakonda zimenezo.

Wamaluwa analemba:

Aa, mwandigwira pamenepo, feteleza ndimathira sabata iliyonse. Ndasiya. Miphika ndaikhazika m'mbale za madzi dzulo madzulo, ndipo m'mawa uno nyerere zinali zikungozungulira m'mphepete mwa mbale ngati zasochera. Ndatembenuza masamba onse limodzilimodzi ndipo ndapeza nsabwe zouma zofiirira zinayi, imodzi ili ndi kabowo kale. Pa mphika wachitatu pali timazira tachikasu towongoka, taunjikana pansi pa tsamba, mwina khumi ndi tiwiri. A Nyerere_Mnzanga, timeneti ndi ta kachikumbu, kapena ndi vuto lina likubwera? Sindinatikhudze.