Kodi tichite chiyani mpikisano wathu wa triathlon ukatengedwa ndi kampani yaikulu?

Abale ndi alongo okhala kuno ku Harare, ndikupempha nzeru zanu. Tamva kuti mpikisano wathu waung'ono, umene timasambira mamita 750, kupalasa njinga makilomita 20 ndi kuthamanga makilomita 5, ukupita m'manja mwa kampani yaikulu yakunja. Nkhawa yanga ili pa ndalama zolembetsera, chifukwa ambiri mwa ife timapalasa njinga zakale zimene timakonzetsa ku Mbare, ndipo madola akangokwera tidzangokhala oonerera. Kodi alipo amene anaonapo kusintha kotere, mwina ku South Africa? Kodi anthu ongodzipereka amene amagawa madzi m'njira amapitirizabe ntchitoyo, nanga ana amaloledwabe kupikisana? Chonde tiuzeni mfundo zimene tingapemphe okonza mpikisanowu asanasaine mgwirizano.