Kodi chizimalupsa ndi kokalupsa ndi mvula imodzi?

Wofunsa, ku Chibavi:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikulemba nthano ya ana yonena za dziko longopeka, komwe kulibe wotchi ngakhale kalendala yapakhoma. Anthu ake amayang'ana kumwamba: mwezi ukakhala, ayamba kuwerenga. Mayina a masiku athuwa ndinawasiya, poti Lolemba ndi tsiku lolembedwa ntchito, Loweruka ndi loweruka kuntchitoko, pomwe kudziko langalo kulibe kapitawo woitana mayina. Chandivuta ndi poyambira chaka. Ndikufuna chiziyamba ndi mvula yoyamba, ndiye ndakumbukira mawu awiri omwe agogo anga a ku Dedza ankakonda kutchula, chizimalupsa ndi kokalupsa. Kodi ndi mvula imodzi? Ine ndakulira muno mu Mzuzu, mawuwa ndimangowamva.

Mphunzitsi wopuma, ku Katawa:
Mwanawe, yamba wadziwa lupsa. Lupsa ndi tchire lomwe lapsa m'chilimwe, anyamata osaka mbewa atalitentha. Pansi pamakhala bii, ukadutsapo mapazi amada mpaka m'akakolo, zitsa zina n'kumafukabe utsi. Ndiye chakumapeto kwa Okutobala, kutentha kutafika poti usiku sugona, kumabwera kamvula ka tsiku limodzi kapena awiri. Fumbi limagona, dothi limanunkhira, zitsa zija zimazima. Imeneyo ndiyo chizimalupsa, yozima lupsa. Kokalupsa ndi yamphamvupo, imakokolola phulusa lija kupita nalo kumtsinje, madzi n'kuda ngati mwatsukiramo mphika. Kwathu ku Ntcheu tinkazisiyanitsa choncho, ngakhale alipo ena amene amangotchula dzina limodzi pa zonse ziwiri.

Mayi wa ku Zolozolo:
Achimwene, chaka chanucho chiyambe ndi chizimalupsa ngati mukufuna, koma anthu anuwo asadzale nayo. Ine inandipusitsapo. Itangogwa ndinathamangira kukadimba ka kuseri kwa nyumba n'kudzala chimanga chonse chomwe ndinasunga. Chinamera bwinobwino, kenako dzuwa linaswa mtengo masabata atatu, chonse n'kupserera chili ndi masamba awiri. Apongozi anga anangoti, "Mayi, mumadzala ndi mvula yozimira moto?" Mbewu ina ndinachita kukagula.

Mnyamata wa ku Luwinga:
Kodi lupsa simunalionepo? Pitani cha ku Ekwendeni mu Seputembala mukaone m'mbali mwa msewu. Komanso musaiwale kuti kuno nyengo ndi ina. Anzathu Atumbuka amati chifuku kunena dzinja, chihanya kunena chilimwe, ndipo chifuku cha kuno sichifulumira kuchoka. Mu Epulo anthu a ku Lilongwe akusanja mikukwe, ife zovala zikukanabe kuuma pachingwe. Dziko lanulo lili pamtunda ngati kuno kapena kuchigwa?

Wofunsa, ku Chibavi:
Zikomo nonse. Lili pamtunda, achimwene, ndi nkhungu yake yam'mawa. Amayi a ku Zolozolo, mwandimasula pena pomwe ndinamangika. Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuti ukhalenso, choncho miyezi 12 imangokwana masiku 354, kupereweza 11 pa chaka cha dzuwa cha masiku 365. Ndinkasowa kowaika masiku otsalawo. Tsopano ndawapezera malo: chizimalupsa ikagwa, chaka chakale chazima limodzi ndi moto, koma chatsopano sichinabadwe mpaka kokalupsa itadetsa mtsinje. Masiku apakatiwo sadzakhala ndi dzina, ndipo khasu silidzaloledwa kukhudza nthaka.

Mphunzitsi wopuma, ku Katawa:
Zamveka, koma usawakhomerere pa 11, mvula siwerenga masiku. Chaka china adikire asanu, china mwezi wathunthu. Ndipo muikemo gogo mmodzi wosunga chimanga chambewu chomwe chapachikidwa pautsi kukhitchini, woti ana akamamukakamiza kuti achitsitse, iye azingopita kumtsinje kukaona ngati madzi ada.