Jaguar XJ6 ya 1974 imene yagona m'shedi zaka zambiri: ndikapikisane nawo pa okushoni kapena ndiileke?

A Phiri, ku Chilenje, analemba:

Ndikupatsani moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yathunthu, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifunse kwa inu amene munagwirapo magalimoto akale ndisanachite chinthu chodzanong'oneza nacho bondo.

Loweruka la sabata yamawa kuli okushoni ya katundu wa pa famu ina cha ku Chisamba, kumene mwini wake anamwalira ndipo ana ake akugulitsa zonse, kuyambira mathirakitala mpaka mipando ya m'nyumba. Pakati pa katunduyo pali Jaguar XJ6 ya 1974, ya Series II, ya injini ya malita 4.2 ndi masilinda 6, ya giya yosintha yokha. Ndinapita kukaiona pa tsiku loonetsa katundu. Ili m'shedi ya malata, matayala onse aphwa ndipo achita ming'alu m'mbali, penti yake yobiriwira yachita mbuu ndi fumbi, koma nditapukuta pa boneti ndi chikhatho inawala. Chitseko cha dalaivala chinatseguka ndi kutsekeka bwinobwino, osalendewera. M'kati munali fungo la chikopa chakale losakanikirana ndi la makoswe, nsalu ya kudenga yagwa mpaka kukhudza mipando, ndipo vanishi wa thabwa la pa dashibodi wasweka. Bambo wina wachikulire amene wagwira ntchito pa famupo kwa nthawi yaitali anandiuza kuti galimotoyi anaisiya mu 2009 chifukwa injini inkatentha, ndipo kuchokera pamenepo palibe anailizapo.

Ndisakubisireni chimene chikundikoka. Malemu bambo anga anali dalaivala wa bwana wina wa kampani muno mu Lusaka m'zaka za m'ma 1970, ndipo ankayendetsa galimoto ya mtundu womwewu. Ine ndili mwana ndinkawathandiza kuitsuka Lamlungu masana, iwo n'kumandionetsa zivindikiro ziwiri za petulo kumbuyo kwake, china uku china uko, ndipo ndinkadabwa kuti galimoto imodzi ili ndi mathanki awiri. Nditaziona zivindikirozo ku Chisamba misozi inalengeza m'maso.

Ndasunga K70,000. Kodi galimoto yotere ingadzuke, kapena ndikhala ndagula chitsulo chodzangodzaza pabwalo? Ndikayang'ane pati ndikapitanso Lachisanu? Mnzanga wina akuti ndi bwino kuitanitsa ya ku UK kudzera pa okushoni ya pa intaneti. Kodi akunena zoona?

A Tembo, makaniko, ku Matero, anayankha:

A Phiri, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ndagwirapo magalimoto a mtundu umenewu angapo, ndipo choyamba chimene ndikupemphani ndi ichi: musalole munthu aliyense kuika batire ndi kuyesa kuliza injiniyo pa tsiku la okushoni, ngakhale atakuuzani kuti akungofuna kumva ngati ili moyo. Injini imene yakhala zaka zonsezi oyilo wake anatsikira pansi kalekale, petulo wa m'mathanki anasanduka phula lonunkha, ndipo kuiliza mouma chonchi kungawononge m'mphindi imodzi zimene shedi inasunga zaka zonsezo. Chimene mungachite ndi kupempha chilolezo chochotsa mapulagi, kuthira oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, kenako kuyesa kuzungulitsa injini ndi sipanala kutsogolo kwake. Ikazungulira, ngakhale molimba, mtima ukhale pansi.

Injini imeneyi, imene amaitcha XK, si yoopsa monga anthu amanenera. Inayamba kuoneka mu 1948 m'galimoto ya XK120, ndipo a Jaguar anaipanga mpaka 1992, choncho amene amaidziwa alipo ndiponso zipangizo zake zikupangidwabe. Koma mawu a mkulu uja akuti inkatentha ndi ofunika kuwasunga. Mutu wa injiniyi ndi wa aluminiyamu pamene thunthu lake ndi lachitsulo, ndipo pa ya 4.2 mabawuti aatali omanga mutuwo amadutsa m'njira ya madzi. Eni ake akamangothira madzi a pa mjigo opanda mankhwala oletsa dzimbiri, monga ambiri ankachitira m'mafamu, mabawutiwo amadyeka ndipo amagwirana ndi mutu kotero kuti kuuchotsa kumatenga masiku. Nthawi zina thunthu lenilenilo limang'aluka pakati pa masilinda. Tsegulani chivindikiro cha oyilo, ndipo mukaona zoyera ngati chambiko pansi pake, dziwani kuti madzi analowa kale. Komanso kumbukirani kuti injini yopangidwira nyengo ya ku Coventry ku England, kumene kunali fakitale ya Jaguar, idzafuna radiyeta yoyera kwambiri kuti ipirire mwezi wa October pa mndandanda wa magalimoto a mu Great East Road.

Komabe, chimene chidzagamule nkhani yanu si injini ayi, ndi dzimbiri. XJ6 ilibe chasisi yapayokha imene mungachotsepo bodi n'kukonza padera; bodi yomweyo ndiyo mafupa a galimoto, choncho ikawola pansi ndiye kuti yonse yawola. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo penti yowala pa boneti isakunyengeni. Lachisanu mutenge tochi, sikuludalaiva, kamaginito ndi katoni yogonapo. Kwezani makapeti onse, ndi a m'buti omwe, mubaye pansi ndi sikuludalaiva. Bayaninso m'munsi mwa zitseko kuchokera ku tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo. Kenako gonani pansi muone pamene radius arm ya kumbuyo, chitsulo chogwira tayala kuti lisasunthe kutsogolo kapena kumbuyo, imamangirira ku bodi, patsogolo pang'ono pa tayala lakumbuyo, chifukwa pamenepo pakadyeka galimoto siyendanso molunjika. Onani m'mphepete mwa galasi lakutsogolo ndi lakumbuyo, kuzungulira nyale, pansi pa radiyeta, ndi pansi pa mathanki awiri aja amene mukuwakumbuka, pakuti madzi amalowera pa zivindikiro zomwezo mabowo otulutsira madzi akatsekeka. Pamene maginito akukana kumata pali phala lobisira bowo. Ngati shediyo pansi pake ndi simenti ndipo denga silidontha, muli ndi mwayi. Ngati ndi dothi limene limanyowa dzinja lililonse, yembekezani zoipa.

Zina ndizitchula mwachidule. Mabuleki a kumbuyo sali ku matayala koma m'kati, pafupi ndi difu, ndipo kuti muwakonze bwino pamafunika kutsitsa chimango chonse chakumbuyo. Mawaya a magetsi a kampani ya Lucas, ngati makoswe anamangamo chisa, ndi bwino kuwasintha onse kusiyana ndi kulumikiza apa ndi apo, chifukwa moto umayambira pamenepo. Mapaipi onse a rabara atayidwe. Mabawuti ake ndi a mainchi, ndiye makaniko amene angabwere ndi masipanala a mamilimita okha adzakukulungizirani mitu yonse.

Mayi Banda, ku Kabwata, anayankha:

Achimwene a Phiri, za zitsulo a Tembo anena zokwanira. Ine ntchito yanga ndi ya mapepala a katundu wolowa m'dziko, ndiye ndiyankha mbali imeneyo, imene anthu okonda magalimoto amaikumbukira mochedwa.

Musanakweze dzanja pa okushoni, pemphani kuona white book, bukhu la umwini wa galimotoyo, ndi maso anu, ndipo muyerekeze nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwamo ndi zimene zili pa galimoto penipenipo, chilembo ndi chilembo. Popeza mwini wake anamwalira, funsani ngati amene akugulitsawo ali ndi chikalata chowapatsa mphamvu yoyang'anira chuma cha masiye, chifukwa ku RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, sadzasintha dzina la mwini pongomva kuti ana anagwirizana. Ndinaonapo munthu amene anathera chaka chonse akukonza galimoto imene mpaka lero siingalowe mu msewu chifukwa bukhu lake linasowa ndipo wachibale mmodzi anakana kusaina. Werenganinso malamulo a okushoniyo. Nthawi zambiri katundu amagulitsidwa monga aliri, nyundo ikagunda palibe kubweza, ndipo pamwamba pa mtengo umene mwatchula pamabwera peresenti ya ogulitsa ndi msonkho. Funsani kuti zimenezi zikwana zingati, ndi kuti akupatsani masiku angati ochotsera galimotoyo, popeza mudzafuna lole yoinyamula kuchokera ku Chisamba.

Za mnzanu amene akuti muitanitse ku UK, ine sindikugwirizana naye. N'zoona kuti kumeneko magalimoto otere ndi ambiri, ndipo makampani monga Bonhams kapena H&H amawagulitsa kawirikawiri ndi zithunzi zokongola. Koma ku UK amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, ndipo mchere umenewo ndiwo unadya ma XJ6 ambiri kuchokera pansi, pamene ya kuno, ngati inakhala pouma, sinaulawepo. Chachiwiri, galimoto yopitirira zaka 40 kumeneko ikhoza kumasulidwa ku mayeso a MOT, oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda mu msewu, kotero mungagule yokhala ndi mapepala abwino koma imene palibe katswiri anaigwadira pansi kwa zaka zambiri. Chachitatu, galimoto yosayenda siingalowe yokha m'sitima, ndiye imafuna kontena, kenako ulendo wochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Nakonde kapena wochokera ku Walvis Bay, ndi msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, pamwamba pake, zonsezo mukulipira musanaikhudze n'komwe. Ya ku Chisamba mwainunkhiza kale ndi mphuno zanu.

Mukaigula, lemberani a Jaguar Daimler Heritage Trust, amene amasunga mabuku a fakitale ndipo amapereka chikalata chosonyeza tsiku limene galimoto inapangidwa, mtundu wa penti yake yoyamba ndi nambala ya injini imene inatuluka nayo. Dziwaninso kuti ma XJ6 ena a m'chigawo chathu chino sanachokere ku Coventry ali athunthu, koma analumikizidwa ku Blackheath, pafupi ndi Cape Town.

A Mwale, ku Makeni, anayankha:

Ine ndilankhula mosiyana pang'ono ndi anzangawa, ndipo a Phiri mundikhululukire ngati mawu anga akuwawa. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndinagula Rover P5B pa okushoni, galimoto ya injini ya V8 ya malita 3.5 imene nduna zazikulu za ku Britain, kuyambira Harold Wilson mpaka Margaret Thatcher, zinkakwera. Ndinapita nditatsimikiza mtengo wanga mumtima, koma munthu wina atayamba kupikisana nane ndinapsa mtima ndipo ndinapitirira kwambiri, kotero kuti ndalama zokonzera zinathera pa kugula. Nditafika nayo kunyumba ndinalakwitsanso kachiwiri: ndinaimasula yonse nthawi imodzi, zitseko, mipando, magalasi ndi injini, poganiza kuti ndiibwezeretsa kukhala yatsopano. Lero zidutswa zake zili m'makatoni m'galaja, mabawuti ena anasokonekera, ndipo akazi anga akadutsa pamenepo sayankhulanso kanthu, chimene chimandipweteka kuposa akanandikalipira.

Sindikunena kuti musagule. Ndikunena kuti pa K70,000 yanuyo, gawo lalikulu likhale la pambuyo pa nyundo, chifukwa matayala, mabuleki, mapaipi, radiyeta, mapampu a petulo ndi makabureta awiri a SU zonse zidzafuna ndalama, ndipo zambiri mudzaitanitsa ku Johannesburg kapena ku UK ndi ndalama zakunja. Lembani mtengo wanu womaliza pa pepala, mupatse munthu amene mupite naye, ndipo mumuuze kuti akugwireni dzanja mukafika pamenepo. Dziwaninso kuti Series II inapangidwa nthawi imene Jaguar inali pansi pa kampani ya British Leyland, zaka zimene mbiri ya kapangidwe kake sinali yabwino, ndiponso kuti ngakhale mutaikonza bwanji, mtengo wake pogulitsa sudzabweza zimene mwalowetsa. Muigule chifukwa cha bambo anu, osati ngati bizinesi.

Ndipo mukaipeza, musaipente. Penti yoyamba ndi zikopa zoyamba, ngakhale zokalamba, sizigulidwanso kwina kulikonse. Zikopa zipakeni mafuta ake pang'onopang'ono mpaka zifewe, msoko wong'ambika usokedwe, galimoto iyambe yayenda ndi kuima bwino, zokongoletsa zidzabwere pambuyo. Adzabweranso anthu okuuzani kuti muchotse injiniyo muikemo ya Toyota kuti musavutike. Ine ndikuti mukatero mudzakhala ndi galimoto yoyenda, koma kulira kumene munkamva muli mwana simudzakumvanso.

A Phiri, ku Chilenje, analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu, mwanditsegula maso. Ndaimbira foni ogulitsa m'mawa uno. Akuti white book ilipo ndipo ndikaiona Lachisanu pamodzi ndi chikalata cha woyang'anira chuma, koma za kuchotsa mapulagi akuti ayambe afunsa banja. Pansi pa shediyo ndikukumbuka kuti ndi simenti, ngakhale kuti mbali ya kumbuyo, kumene kuli buti, ndinaona lata limodzi la denga litasasuka. Mtengo wanga womaliza ndaulemba kale ndipo pepalalo lili ndi mlamu wanga, amene ndipite naye. A Tembo, kodi mungapeze mpata wotiperekeza Lachisanu? Petulo ndi tsiku lanu ndilipira.

A Tembo, makaniko, ku Matero, anayankha:

Ndipita nanu, a Phiri, koma tinyamuke 6 koloko isanakwane kuti tidutse pa Kabwe Roundabout magalimoto asanachuluke. Ine nditenga jeke, zochirikizira ndi masipanala a mainchi. Inu mubweretse pampu ya matayala, chifukwa popanda kuikweza pang'ono sitingathe kulowa pansi pake. Lata losasuka lija landidetsa nkhawa, choncho tikafika tikayambira m'buti ndi pansi pa mathanki. Akakana za mapulagi, mtengo wanu utsike, ndipo tidzauwerengeranso limodzi pobwerera.