Mchere wamibulu wonyowa ndi wowawa ngati kwinini: vuto lili pati?

wa_ku_Ulongwe: Akuluakulu, ndithandizeni. Matumba ena a mchere wamibulu ochokera kugombe amakhala ouma bwino, koma ena amadontha madzi ali m'nyumba, ndipo ukaulawa umasiya kuwawa ngati kwinini. Ndi kapangidwe kapena kasungidwe? Komanso madzi a Zambezi alibe mchere, nanga wa m'nyanja yaikulu umachokera kuti?

wa_ku_Moatize: Achimwene, vuto limayambira kumaiwe. Kugombe la Mozambique, ku Nova Mambone kapena ku Lumbo moyang'anana ndi chilumba cha Ilha de Moçambique, madzi amalowetsedwa pangalande nyanja ikadzadza, n'kumasamutsidwa dziwe ndi dziwe, onse osaya, pansi pake dothi lamakande lotsenderedwa. Lita imodzi imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere wamitundumitundu, koma wodyawu ndi magalamu ngati 27 okha.

Mitundu imeneyi siikhazikika nthawi imodzi. Laimu ndi gypsum zimayamba kutsalira m'maiwe oyamba. Mchere wodya umayamba kugwirana pamene malita 1,000 aphwera kufika pa 100. Pa choyezera cha Baumé, chimene chimaonetsa kuchuluka kwa mchere m'madzi, madzi a m'nyanja ali pa 3.5, mchere umayamba pa 25 kapena 26, ndipo ikafika 29 madzi otsalawo ayenera kutayidwa. Mmenemo ndi mmene muli magnesium. Wopanga akafuna kuchulutsa matumba n'kusiya dziwe liumiretu, magnesium imamatirira pamibulu. Imeneyi ndiyo imawawa, ndiyonso imakoka chinyezi chamumpweya.

wa_ku_Furancungo: Ndionjezepo pang'ono. Ngakhale wokokolola pa nthawi yake, akathira m'matumba tsiku lomwelo mchere udzadontha. Umafunika kutsukidwa ndi madzi okhuta kale mchere, chifukwa amenewo sasungunula mibulu, kenako uunjikidwe mulu kwa masabata angapo kuti ukhe. Ukaoneka wodera, chokokolera chinapala dothi lapansi. Mvula ikagwa mosayembekezereka madzi amasukuluka, ntchito n'kubwerera m'mbuyo, n'chifukwa chake zonsezi ndi za m'chilimwe.

wa_ku_Songo: Pa funso lachiwiri, Zambezi ali nawo mchere, kungoti ndi wochepa kwambiri moti lilime silingaumve. Mvula imasungunula miyala pang'onopang'ono, mitsinje n'kunyamula zosungunukazo kukatula m'nyanja. Kumeneko madzi amachoka ngati nthunzi basi, mchere n'kutsala, kwa zaka mamiliyoni ambiri. Wina umatuluka m'ziphalaphala ndi m'akasupe otentha a pansi pa nyanja. Cahora Bassa, damu la pa Zambezi, sakolera mchere chifukwa madzi amangodutsa. Nyanja ya Malawi nayo imatulukira mu Shire, pomwe Chilwa, yopanda potulukira, madzi ake ndi amchere. Nyanja Yofiira imafika magalamu 40 pa lita chifukwa cha dzuwa ndi kusowa kwa mitsinje. Kufupi ndi Chinde, pamene Zambezi amathirira, madzi ndi osukuluka, sangakhale malo abwino a maiwe a mchere.

mayi_wa_ku_Zobue: Bambo a ku Ulongwe, pogula finyani mchere m'manja. Ukagwirana n'kusiya chikhatho chonyowa, usiyeni, mukulipira madzi. Onaninso ngati thumba lalembedwa "sal iodado", kutanthauza mchere wothira ayodini. Mchere wa m'nyanja paokha uli ndi ayodini wochepa zedi, amachita kuwazamo potassium iodate, mankhwala okhala ndi ayodini, ndipo kuno kumapiri, kutali ndi nsomba za m'nyanja yaikulu, kusowa kwake kumabweretsa chithokomiro. Chinyezi ndi dzuwa zimachepetsa ayodiniyo, choncho matumba akhale omanga, pamatabwa, osagunda khoma. Wonyowa muli nawowo muusanjike pathandala pamthunzi kuti ukhe, musauyanike padzuwa.