Olemba pa intaneti ku China amatsekedwa pakamwa motani?

Mphunzitsi wa ku Namwera:

Akuluakulu, thandizeni. Amalonda opita ku Guangzhou kukaoda katundu amati akangotsika ndege, WhatsApp ndi Facebook zimangoti zii. Komanso timamva kuti eni dzikolo amalemba kwambiri pa intaneti, mpaka kudandaula za akuluakulu a boma. Zoona ndi ziti? Kutsekako kumachitikira pati, pa foni kapena ku kampani ya netiweki? Nanga wolemba maganizo ake amalowa m'madzi pa chifukwa chanji? Ana a Fomu 4 akukonzekera mtsutso wa ufulu wolankhula, ndiye ndikufuna mfundo zogwirika.

Che Waya, pa Boma:

Aphunzitsi, zonsezo n'zoona chifukwa maukonde ake ndi awiri. Ine ndinene za woyamba, umene amautcha Great Firewall. Foni yanu saikhudza. Ukondewu anautchera pamene mawaya a intaneti amatulukira kunja kwa dziko, ndipo makomo akuluakulu ali ku Beijing, Shanghai ndi Guangzhou.

Mukalemba facebook.com, foni imayamba yafunsa seva ya DNS, kompyuta yosunga maina a masamba, kuti dzinali lili pa nambala yanji ya IP, imene ili ngati keyala ya tsambalo. Makina a pakhomo paja amathamangira kuyankha nambala yabodza seva yeniyeni isanayankhe, foni n'kupita kolakwika. Mukaidziwa nambala yoonayo, mupeza kuti nayonso anaitseka. Njira yachitatu ndiyo yochenjera. Ngakhale tsamba litakhala la https, dzina lake limaonekera poyera pamene foni ikuyamba kulonjerana ndi seva. Makinawo akaona dzina loletsedwa amatumiza uthenga wachinyengo mbali zonse ziwiri, foni n'kumayesa kuti seva yadula, seva n'kumayesa kuti foni yadula. Palibe chimene chimakuuzani kuti boma latseka. Kachizindikiro kamangozungulira, inu n'kumanamizira bandulo.

YouTube inatsekedwa mu Marichi 2009, Twitter ndi Facebook pakati pa chaka chomwecho, Facebook makamaka zitachitika zipolowe za mumzinda wa Urumqi ku China komweko. Google inasamutsira makina ake ofufuzira ku Hong Kong mu 2010. WhatsApp inatheratu mu Seputembala 2017, Wikipedia ya zinenero zonse mu Epulo 2019.

Amalonda aja amalakwitsa poyembekeza kukaika VPN, pulogalamu yolambalalira ukondewu podzera pa seva ya kunja, atafika. Play Store kumeneko sigwira, ndipo Apple inachotsa ma VPN ambiri m'sitolo yake ya ku China mu 2017. VPN iikidwe munthu akadali kuno, ziwiri zosiyana, chifukwa makina aja akakayikira seva inayake amaigogoda okha ngati kasitomala, ikayankha mwa VPN n'kuitseka. Zaulere ndizo zimafa msanga. SIM ya kuno ikakhala pa roaming imalambalala ukondewu chifukwa data imadzera ku kampani yakwathu, koma mtengo wake mukhoza kulira nawo. Dziwaninso kuti lamulo la kumeneko limangovomereza VPN zachilolezo. Wu Xiangyang wa ku Guangxi anampatsa zaka zisanu ndi theka mu 2017 chifukwa chogulitsa VPN.

Mayi a ku Malindi:

Che Waya afotokoza bwino, koma ukonde umenewo umavutitsa mlendo. Wolemba wa ku China salemba pa Facebook, amalemba pa masamba a mchezo a kwawo, Weibo, WeChat ndi Douyin, kumene kuli omuwerenga. Umene umamukola ndi wachiwiri, wa maso aang'ono ngati wa usipa, ndipo oukoka ndi makampani eniake.

Lamulo limati kampani iyankhe mlandu pa chilichonse cholembedwa pa tsamba lake. Ikalekerera, bungwe la Cyberspace Administration of China, limene linakhazikitsidwa mu 2014, likhoza kuilipitsa chindapusa kapena kuiimitsa. Ndiye kampani imalemba ntchito anthu ofufuta, ndipo poopa kuphonya imafufuta mopyola. Poyamba kompyuta imasefa ndi mndandanda wa mawu oletsedwa, umene umasintha malinga ndi nkhani ya tsikulo. Zokayikitsa zimapita kwa munthu. Kafukufuku wa pa Weibo wa mu 2013 anapeza kuti mwa zolemba zonse zofufutidwa, pafupifupi 30 pa 100 zinachoka theka la ola lisanathe, ndipo pafupifupi 90 pa 100 tsiku lisanathe.

Pa WeChat m'poopsa mwakachetechete. A Citizen Lab a ku yunivesite ya Toronto anaonetsa kuti uthenga wokhala ndi mawu oletsedwa umaoneka kwa wotumiza ngati wapita, koma kwa wolandira sufika, ndipo onse awiri sauzidwa kanthu. M'magulu kusefa kumakhala kokhwima kuposa pa macheza a anthu awiri. Zithunzi nazonso amaziwerenga.

Chimene chimamanga zonsezi pamodzi ndi dzina. Akaunti imalumikizidwa ku nambala ya foni, nambalayo ku chiphaso cha nzika, ndipo lamulo la chitetezo cha pa intaneti limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2017 linalimbitsa zimenezi. Ukhoza kudzitcha dzina loseketsa, koma kampani ikukudziwa. Kuyambira mu Epulo 2022 Weibo imaonetsanso chigawo chimene munthu akulembera. Musaganize kuti makampani akunja ndi oyera: mtolankhani Shi Tao anapatsidwa zaka 10 mu 2005 Yahoo itapereka zokhudza imelo yake, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Microsoft inachotsa tsamba la mtolankhani wina wa ku China, Michael Anti.

Chilango chimakwera pang'onopang'ono. Amafufuta cholembacho. Kenako amatseka akaunti masiku angapo, kenako mpaka kalekale. Izi sizochepa ayi: WeChat ndiyo munthu amagulira ndiwo ndi kulipirira galimoto, ndiye yerekezani kuti chifukwa cha ndemanga imodzi akutsekerani WhatsApp pamodzi ndi Mpamba. Zikapitirira apolisi amamuitana, zimene eniake amazitcha kukamwa tiyi, n'kumusainitsa kalata yolonjeza kusiya. Khoti limabwera pomaliza. Mu Seputembala 2013 khoti lalikulu la dzikolo linalongosola kuti mphekesera yoipitsa mbiri ikagawidwa ka 500 kapena kuonedwa ka 5,000, wolembayo akhoza kukhala kundende mpaka zaka zitatu. Taonani pamenepo: chimene chikuwerengedwa ndi kuchuluka kwa omva.

N'chifukwa chake, aphunzitsi, mumamva kuti anthu amadandaula momasuka. Gary King ndi anzake a ku Harvard anasanthula zolemba mamiliyoni pa kafukufuku amene anatuluka mu 2013, n'kupeza kuti pafupifupi 13 pa 100 zimafufutidwa. Zodzudzula wamkulu wa m'dera pa za ziphuphu kapena msewu woipa nthawi zambiri zinkatsala. Zimene zinkachoka msanga ndi zoitanira anthu kuti asonkhane, ngakhale zitakhala zoyamikira boma.

Kambuzi wa ku Makawa:

Amayi, kafukufuku wa King uja ngwa nthawi imene Xi Jinping anali asanakhazikike pampando wa utsogoleri wa dzikolo. Ana asakauzidwe kuti kudzudzula n'kololedwa bola osasonkhanitsa anthu, masiku ano maso a ukonde anachepa. Dokotala Li Wenliang sanaitane munthu kumsewu. Anangochenjeza madokotala anzake m'gulu la WeChat za matenda achilendo ku Wuhan, pa 3 Januwale 2020 apolisi n'kumusainitsa kalata yomudzudzula. Anamwalira ndi matenda omwewo pa 7 Febuluwale. Zhang Zhan, amene ankajambula mavidiyo ku Wuhan komweko, anampatsa zaka zinayi mu Disembala 2020 pa mlandu umene amautcha kuputa mikangano ndi kuyambitsa chisokonezo. Mlandu umenewu ndi thumba lalikulu, chilichonse chimalowamo. Ruan Xiaohuan analemba kwa zaka 12 pa dzina lobisika la Program Think, ndipo za chitetezo cha makompyuta ndiyo inali ntchito yake, komabe anamugwira mu Meyi 2021, mu 2023 n'kumupatsa zaka zisanu ndi ziwiri.

Anthu nawo sagona. Chitchaina chili ndi mawu ambiri omveka mofanana, ndiye liwu lakuti mgwirizano, limene boma linkalikonda, limamveka ngati lakuti nkhanu ya mumtsinje, nkhanu n'kusanduka dzina la ofufuta. Tsiku la 4 Juni 1989, pamene asilikali anapha anthu pothetsa zionetsero za pa bwalo la Tiananmen ku Beijing, ankalilemba kuti 35 Meyi. Mu Marichi 2020 nkhani ya dokotala Ai Fen wa ku Wuhan, yonena za matenda aja, itafufutidwa, anthu anaifalitsanso m'ma emoji, m'zilembo za Morse, ena poilemba chobwerera m'mbuyo. Vuto lake n'lakuti mwambi ukangotchuka umalowa pa mndandanda uja, ndipo mwambi umene wofufuta sakuumva, wowerenga wamba nayenso saumva. Mu Novembala 2022 ochita zionetsero anangonyamula mapepala oyera osalembapo kanthu.

Mphunzitsi wa ku Namwera:

Zikomo nonse. Funso lomaliza: malamulo awo oyendetsera dziko sanena chilichonse za ufulu wolankhula?

Mayi a ku Malindi:

Amanena, ndipo mudabwa: ndi ndime 35, nambala yomweyo imene kwathu kuno ili ya ufulu wolankhula. Koma ndime 51 ya ku China imati ufulu wa nzika usasokoneze zofuna za boma, ndipo makhoti a kumeneko alibe mphamvu yothetsa lamulo ponena kuti likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuno High Court ili nayo mphamvuyo. Liu Xiaobo, mmodzi mwa olemba chikalata cha Charter 08 chopempha ufulu umenewu, anampatsa zaka 11 mu Disembala 2009, analandira mphoto ya Nobel mu 2010 ali m'ndende, n'kumwalira mu 2017 asanamasulidwe.

Pa mtsutsowo anawo asangoloza kutali. Apatseni Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 aiwerenge, chifukwa anthu amangidwapo kuno ndi lamulo limeneli pa zolemba za pa Facebook ndi WhatsApp. Akumbutseninso kuti SIM zathu nazo timalembetsa ndi chiphaso cha nzika. Mbali imodzi iteteze kulembetsako ponena za akuba a pa foni aja onamizira kuti atumiza ndalama molakwika, inayo ifunse kuti ndani ali ndi chilolezo chopempha kampani dzina la mwini nambala, ndipo kodi akuyenera kuyamba wadzera kukhoti kapena ayi.