Injini ya brush cutter ingayendetse bwato?

Mwana wa msodzi, Kachulu:
Moni nonse muno. Ndili ndi brush cutter ya 52cc, ija yosakaniza petulo ndi oilo, ndinkagwira nayo maganyu otchetcha udzu ku Zomba koma pano ndinabwerera kumudzi ndiye yangokhala pakona. Injini yake ilibe vuto, kukoka chingwe kawiri yalira. Nkhani ndi yoti bambo anga akula tsopano, mapewa akuwavuta koma amapalasabe bwato kukavuula maukonde pa Chilwa, pobwera amangofikira kugona pamphasa osafuna ndi nsima yomwe, ine zimandiwawa. Injini ya boti ya Yamaha ija ndalama zake sitingakwanitse. Ndiye ndimaganiza zochotsa chitsulo chotchetchera chija nkuikapo propela. Alipo anayesapo? Zingayende kapena ndingoononga makina?

Makaniko wa njinga zamoto, Liwonde:
Achimwene zimatheka, ndinapangirapo munthu wina kuno, koma musayembekezere kuti muzithamanga ngati maboti a ma injini aja. Ka 52cc mphamvu yake ndi ma horsepower awiri basi, mwina osakwana. Ndi kongokupumitsani nkhafi.

Vuto lalikulu ndi ili, injini imeneyo inapangidwa kuti izizungulira mwaliwiro kwambiri mumphepo, ma 7000 kupita mtsogolo pa mphindi, koma mphamvu yokankha ndi yochepa. Madzi ndi olemera. Ine poyamba ndinaika propela yaikulu ndikuganiza kuti kukula ndiye kuthamanga, titangoiviika mmadzi injini inayamba kubanika, klachi nkumangoterereka mpaka kununkha chopserera, titatsegula tinapeza chitsulo chasanduka chabuluu ndi kutentha. Klachi ya makina amenewa imagwira yokha injini ikakwera liwiro, ndiye propela ikailemera liwiro limatsika, klachi imangokhula osagwira. Ndiye pali njira ziwiri, kaya muike propela yaing'ono ngati chikhatho chanu, kaya muike magiya kapena tcheni ndi masiproketi kuti injini ikazungulira katatu propela izungulire kamodzi. Yachiwiriyi ndi imene imakankha bwino bwato lolemera.

Onaninso shafti yanu. Ikakhala yowongoka muli bwino, koma zija zokhota mkati mwake muli waya wopota, ameneyo sachedwa kuduka. Mutu wa magiya wakumapeto uja sanaupange kuti uzikhala mmadzi, madzi amalowa nkutsuka girizi, ndiye muzithira girizi pafupipafupi. Nati yake imamanga chakumanzere, musaikakamize. Ndipo musanawotcherere chilichonse onani kaye mbali imene ikuzungulira, mukalakwitsa propela bwato lizibwerera mmbuyo.

Mlongo wanu ku Joni:
Musavutike ndi zowotcherera zambiri achimwene, pa intaneti amagulitsa mwendo wake wokhawokha, paipi ndi magiya ndi propela zonse pamodzi, mumangomasula mabauti anayi nkumangapo injini yanu. Pa AliExpress zilipo. Koma mukamagula mutu wa propela wokha womanga kumapeto kwa paipi yanu, chofunika muyeze paipiyo ngati ndi 26mm kapena 28mm komanso muwerenge mano a kumapeto kwa shafti, ena amakhala 7 ena 9. Werengetsani bwino musanatumize ndalama chifukwa kubweza katundu kuchokera kumudziko ndi chintchito.

Msodzi wa ku Nkhotakota:
Mwana wanga, ine za magiya ndisiyira amakaniko, ndinene za madzi. Bwato losema lilibe thabwa lakumbuyo lomangapo injini ngati boti, ndipo ndi lopapatiza. Makina amenewo akadzadza mafuta amalemera ndithu, ukawamanga mbali imodzi, munthu wachikulire nkutembenuka kuti akoke chingwe, bwato limapendama pomwepo. Ukhome thabwa lopingasa kumbuyo, injini ikhale mmunsi komanso pakati, paipi ilowe mmadzi chogona, isaime chilili. Choncho ukafika posaya kapena pa mabawe umangotsindika chogwirira propela nkutuluka mmadzi. Kwanuko Chilwa ndi yosaya, matope ndi zomera zambiri, ndiye zimenezi uzichita kawirikawiri. Ukonde nawonso umakola propela, pofika pa maukonde azizimitsa nkumaliza ndi nkhafi.

Nkhafi isatsale kumtunda ngakhale tsiku limodzi. Injini imeneyo imazizira ndi mphepo, siinapangidwe za madzi, funde likangothira pa plagi kapena pa fyuluta yazima. Ndipo aliyense amene akuwerenga ali kuno kunyanja yaikulu, chonde musatuluke nako kutali kanthu kameneka, makamaka miyezi ya mwera kuyambira cha mu May mpaka August. Mwera ukadzuka ngakhale injini ya ma horsepower 15 imalimbana nawo movutikira, nanji ya udzu. Taika anthu mmanda chifukwa cha mphepo imeneyi, sindikunena zongomva.

Mwana wa msodzi, Kachulu:
Zikomo kwambiri nonse, bambo a ku Nkhotakota ndamva ndipo nkhafi siitsala. Ndayang'ana, shafti ndi yowongoka, mano ndi 9. Amakaniko, nanga mafuta ndizisakaniza chimodzimodzi ngati potchetcha? Chifukwa pathanki palembedwa 25:1.

Makaniko wa njinga zamoto, Liwonde:
Tsatirani zomwe zalembedwazo, 25:1 ndiye kuti 40ml ya oilo pa lita imodzi ya petulo, gulani sirinji ku famasi muziyezera, osangothira ndi maso ayi. Akhale oilo wa 2 stroke weniweni osati wa galimoto. Potchetcha mumaponda nkusiya, injini imapumako, koma pamadzi imakoka osalekeza ndiye imatentha msanga, musaitsegule mpaka kumapeto ulendo wonse ndipo musaiphimbe ndi chigubu kapena pulasitiki poopa madzi, ikufunika mphepo. Ikani kawaya kozimitsira pafupi ndi dzanja la bambo. Ekizozi iloze kunja, isayang'ane mwendo wawo kapena chigubu cha petulo. Tsiku loyamba muyese inuyo pafupi ndi doko pomwe madzi akulekeza mchiuno, muikemo thumba la mchenga lolemera ngati nsomba ndi maukonde onyowa, muyende mphindi 20 kenako muzimitse mununkhize klachi. Mukamva chopserera propela yakula, mundiuze tione zochepetsa.