Gulu la banja la a Phiri: za kuyezetsa akuluakulu a ku Katete

Azakhali Tiyanjane: Mwa nyumba 9, zimene zapereka K150 ndi 4 zokha, pamene tinagwirizana kuti makina oyezera BP ndi mabulangete a Ambuye zifike Juni asanayambe.

Amalume Yohane: Ndalamazo zachuluka. Atenge magazi a akuluakulu onse, awasakanize ndi kuyeza kamodzi, monga ankayezera anthu ambiri pamodzi ku Rwanda pa nthawi ya Covid mu 2020.

Misozi: Amalume, njira imeneyo ilipodi, ndipo anaiyambitsa ndi Robert Dorfman mu 1943 pofuna kupeza chindoko mwa anyamata olowa usilikali ku America. Anthu 20 mukawagawa m'magulu a anthu asanu, mumayeza kanayi, ndipo gulu limodzi likapezeka ndi matenda mumabwereza kuyeza asanuwo mmodzimmodzi, zonse pamodzi n'kukhala 9 m'malo mwa 20. Imathandiza pokhapokha ngati odwala ali ochepa ndiponso ngati mukufunafuna kachilombo. BP siyezedwa m'magazi a m'botolo, koma ndi lamba womanga pa mkono wa munthu aliyense payekha.

Amalume Yohane: Ine ndikunenabe kuti kuyeza pamodzi kumachepetsa mtengo.

Chikondi: Kodi amene adzapita kumudzi angatibweretsereko nsawa ndi mbatata za kholowa?

Azakhali Tiyanjane: Nsawa zidikire, mwanawe. Dalitso, ndikuona kuti mauthenga ukuwawerenga, koma chiyambire Lolemba sunayankhe.

Amai a Chisomo: Kodi kuzizira kwa kuno n'koopsadi, Misozi? Kwathu kuno chisanu chake si cha ku Ulaya.

Misozi: Amai aang'ono, munthu akazizidwa mitsempha yake imafinyika, BP imakwera, ndipo mtima umagwira ntchito yolemera kuposa masiku onse. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2015 anaunika imfa zoposa 74 miliyoni m'maiko 13, ndipo anapeza kuti pafupifupi 7 pa 100 zilizonse zinkakhudzana ndi kuzizira, pamene za kutentha sizinafike ngakhale imodzi pa 100. Zambiri zinachitika masiku ozizira pang'ono chabe, osati a chisanu choopsa. Mwa maiko amenewo munalibe la mu Africa, komabe Ambuye amadzuka m'bandakucha kukatunga madzi atangofunda chitenje, ndipo mapazi awo amatupa kale.

Amalume Yohane: Ngati ndi choncho tigule mabulangete okha, makinawo akayezedwe nawo ku chipatala pamodzi ndi anzawo.

Azakhali Tiyanjane: Achimwene, kuchipatala n'kutali kwa munthu woyenda ndi ndodo. Ndiponso ulendo uno ndalama ndisunga ndine ndipo malisiti ndidzawaika pano, kuti zisadzakhale ngati za malata zija.

Amalume Yohane: Za malata zinatha kalekale.

Misozi: Ndikupempha kuti Ambuye aziyezedwa m'mawa ndi madzulo atakhala pansi ndi kupumula kwa mphindi zisanu, ndipo manambala azilembedwa m'kope, chifukwa kuyeza kamodzi sikuuza dokotala zambiri.

Azakhali Tiyanjane: Chikondi, popeza ukufuna nsawa, Loweruka ukwera ndiwe basi ya ku Katete ndi katunduyo. Otsala nonse tumizani ndalama Lachinayi lisanadutse.